Zoyenera Kuchita Laputopu Ikamatentha Kwambiri

M'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, pamene kuno ku Harare kumatentha ndiponso fumbi limachuluka mvula isanayambe, malaputopu ambiri amachita phokoso la fani kenako n'kuzima okha. Zikatero, chotsani chaja ndipo muisiye laputopuyo izizire. Mukatero, yeretsani timabowo totulukira mpweya ndi burashi yofewa, chifukwa fumbi lounjikana pamenepo ndilo limatsekereza mpweya wotentha, ndipo kawirikawiri vuto limathera pomwepa. Musaike laputopu pabedi kapena pabulangeti, koma pathebulo. Pa Windows, tsegulani Task Manager (pulogalamu yoonetsa zonse zimene zikugwira ntchito mu kompyuta) n'kutseka mapulogalamu amene akulemetsa purosesa, kachipangizo kamene kamagwira ntchito ngati ubongo wa kompyuta. Ngati purosesa ikutenthabe mpaka madigiri Seshasi 90, kapezeni katswiri m'tauni kuti asinthe thermal paste (phala lopaka pa purosesa lothandiza kuchotsa kutentha), yomwe imauma pakapita zaka.