Aphunzitsi, uthenga wa makolo tisamangoutumiza pakamwa pa mwana

Dandaulo la aphunzitsi ambiri a ku pulayimale ndi lomwelo chaka ndi chaka, akuti makolo sabwera tikawaitana. Koma ukafunsa kuti munawaitana bwanji, amati tinalengeza pa asembule kuti ana akanene kunyumba. Ndiye taganizani, mwana wa zaka 6 amene mtima uli pa phala mwamuuza m'mawa kuti msonkhano ndi Lachisanu 9 koloko, pofika kwawo masana uthenga uja wasanduka "aphunzitsi akuti mubwere ndi ndalama", bambo ake angoti ndilibe, nkhani yathera pompo.

Uthenga uzilembedwa basi. Kuyambira Sitandade 3 ana amatha kukopera okha, inu lembani pa bolodi mizere itatu yokha, tsiku, nthawi ndi nkhani yake, akopere tsamba lakumapeto kwa kope limodzi lomwelo teremu yonse, kholo lisaine kapena lingoika kachizindikiro ngati sililemba. Ku Sitandade 1 ndi 2 nkovuta ndithu, kalasi ya ana opitirira 100 simungalembere aliyense, ndiye lembani timapepala tochepa potengera midzi, mupatse amayi a mother group ndi a PTA (komiti ya makolo ndi aphunzitsi), iwowa amadziwa khomo lililonse ndiponso amadziwa kuti uyu akuleredwa ndi agogo. Mfumu, kutchalitchi ndi kumzikiti nako uthenga umayenda msanga.

Koma vuto lalikulu nloti makolo timawakumbukira pakakhala mlandu kapena pakufunika ndalama ya chitukuko ndi njerwa. Nanga munthu angabwere akusekerera ngati kuitanidwa konse kumakhala kwa zimenezi? Yambani ndinu chaka chikangotsegulidwa mu Seputembala, msonkhano wa kalasi yanu yokha osati sukulu yonse. Auzeni nthawi yolowera ndi yowerukira, chochita mwana akadwala, komanso chilango chimene mumapereka akachedwa kuti mawa asadzabwere atakwiya. Za yunifolomu nenani poyera kuti ndi yabwino koma mwana asakhale kunyumba chifukwa alibe, paja maphunziro a pulayimale aulere atayamba mu 1994 cholinga chinali choti umphawi usatsekereze mwana pakhomo. Ndalama iliyonse imene komiti ya sukulu yagwirizana, tchulani ntchito yake ndipo pambuyo pake mudzanene momwe yayendera.

Pa zophunzira ndi pamene ambiri timadumpha, eti kholo losaphunzira lingathandize chiyani. Lingathandize kwambiri. Muuzeni kuti sabata ino tili pa maphatikizo akuti ndi akuti, madzulo mwana awerenge mokweza mphindi 10 mayi akuphika, ngakhale mayiyo sadziwa kuwerenga amamva ngati mwana akudodoma kapena akuyenda bwino, ndipo mwana akaona kuti kunyumba amafunsa za kope salisiyanso pansi pa mtengo. Makolo a ana a Sitandade 4 achenjezeni msanga kuti ku Sitandade 5 maphunziro amayamba kuphunzitsidwa m'Chingerezi, asadzadabwe malikisi akatsika teremu yoyamba nkuyamba kunena kuti mphunzitsi watsopanoyo ngwaulesi. Makolo a ana a Sitandade 8 aitaneni adzaone okha kalembedwe ka dzina la mwana lisanapite ku bungwe la mayeso la MANEB, kukonza dzina lolakwika pambuyo pake ndi chintchito.

Gulupu ya WhatsApp ndi yabwino makamaka m'tauni, koma itsekeni kuti olemba akhale ma admin okha, apo ayi mudzadzuka mwadzaza malonda a zitenje ndi ndale, uthenga wa mayeso wakwiririka. Voice note ya chilankhulo cha kwanuko imafika bwino kuposa ndime yaitali ya Chingerezi. Ndipo chonde osaikamo malikisi a ana ndi mayina awo kapena mndandanda wa amene sanapereke ndalama, zimenezo muitane kholo pambali. Kumbukiraninso kuti amene ali mu gulupumo mwina ndi bambo ali ku Joni pomwe mwana akukhala ndi agogo a foni ya mabatani, ndiye SMS ndi kapepala kaja zisasiyidwe.

Tsiku la msonkhano musankhe mwanzeru. Tsiku la msika simuona munthu, nyengo ya dzinja m'mawa onse ali kumunda, ikani masana, ndipo kukagwa maliro m'mudzi ingosinthani osakakamira. Miyezi ya Januwale ndi Febuluwale ana amajomba kwambiri chifukwa cha njala ndi ganyu, mwana akasowa masiku atatu otsatizana tumizani uthenga wofunsa ngati kuli bwino kunyumbako, osadikira teremu ithe kuti mudzalembe pa lipoti.