Injini yabwezeletsedwa koma siikulila: malangizo ofufuzila vuto la magetsi pa galimoto ya 4x4

Malangizo awa ndi a galimoto ya 4x4 ya magetsi a 12V imene injini yake inatsitsidwa, n'kubwezeletsedwa, koma tsopano ikukana kulila. Ngati stata ndi batili zinali kugwila bwino nchito injini isanacotsedwe, musathamangile kugula zatsopano. Kawilikawili vuto limakhala pa waya kapena pulagi imene manja anakhudza pa nchitoyo.

Musanagwile sipanala

Imikani galimoto pamalo olingana, kokani handibuleki, ndipo mucinge matayala. Giya ikhale pa nyutulo, kapena pa P ngati ndi otomatiki. Dziwani kuti transfer case (kabokosi kogawa mphamvu ku mawilo a kutsogolo ndi a kumbuyo) ikakhala pa N, kutanthauza nyutulo, galimoto imatha kugubuduka ngakhale giya ili pa P, cifukwa mawilo amakhala atamasuka ku giyabokosi. Vulani mphete ndi wochi yacitsulo. Waya waukulu wopita ku stata umakhala ndi magetsi nthawi zonse, ngakhale kiyi itacotsedwa, ndipo pa galimoto zambili ulibe fyuzi. Conco pomanga kapena kumasula ciliconse pa stata, yambani mwacotsa waya wa negetivi pa batili, n'kudzaubwezela pomaliza.

Batili

Ipimeni ndi multimeter, kacipangizo kopimila magetsi. Yodzala imaonetsa 12.6V, ya 12.2V yatsala theka, ndipo yocepela 12.0V iyambe yachajidwa. Batili imatha mphamvu yokha ikakhala milungu ingapo injini ili pansi. Munthu wina akamapotoza kiyi, nambala isatsike kupitilila 9.6V. Galimoto zina za dizilo ndi za 24V. Pa zimenezo manambalawa awilikizeni kawili. Ngati pali winchi kapena batili yaciwili, onani kuti swichi yodula magetsi sinasiyidwe pa OFF.

Waya wa earth

Apa ndi pofunika kucedwapo. Injini imakhala pa mamaunteni a labala, ndipo labala siidutsa magetsi. Stata ya dizilo imakoka ma amp mahandiledi angapo, ndipo onsewo ayenela kubwelela ku batili kudzela pa waya wonenepa kapena lamba wa mkuwa wolukidwa, wocoka pa injini kupita ku chassis kapena ku negetivi ya batili: umenewu ndiwo waya wa earth. Pocotsa injini waya umenewu umamasulidwa, ndipo pobwezela ndi umene umaiwalika msanga, cifukwa umangolendewela kuseli kwa injini, pafupi ndi giyabokosi, kumene maso safika. Nyali ziyaka, wailesi ilila, dashibodi ionetsa zonse bwinobwino, koma stata ingoti "kha" n'kukhala cete.

Njila yacidule yodziwila ndi iyi. Tengani waya umodzi wa jampa, mbali ina muipane pa negetivi ya batili, inayo pa citsulo coyela ca injini, monga pa ngowe yonyamulila injini. Potozani kiyi. Injini ikazungulila mwamphamvu, vuto ndi earth basi.

Waya wa earth angakhale kuti anamangidwa, koma pamwamba pa penti yatsopano, dzimbili kapena gilisi. Injini yopentedwa mokongola ndiyo imavutitsa kwambili pa nkhani iyi. Masulani bauti, palani ndi sandipepa mpaka citsulo ciwale, mangani molimba, kenako pakani gilisi pang'ono pamwamba kuti madzi ndi matope zisalowepo. Kuti mutsimikize, ikani multimeter pa ma volt, nsonga ina pa negetivi ya batili, ina pa thupi la stata. Pamene kiyi ikupotozedwa, nambala isapitilile 0.3V. Citaninso cimodzimodzi kucokela pa pozitivi ya batili kukafika pa bauti yaikulu ya stata. Kumeneko isapitilile 0.5V.

Musapitilize kuliza injini earth ikusowa. Magetsi amadzifunila njila ina, monga kebo ya handibuleki, ya akiseleleta, kapena timawaya tating'ono ta masensa. Mukamva fungo la pulasitiki yopsa, kapena kebo ina ikatentha poigwila, lekani pomwepo.

Mvetselani zimene stata ikucita

Ikamati "kha-kha-kha" mofulumila, nyali za pa dashibodi n'kumazilala, ndiye kuti magetsi akufika ocepa: batili yafooka kapena matemino ndi omasuka. Temino imene mungaipotoze ndi dzanja siinamangidwe.

Ikati "kha" kamodzi, batili ndi earth zili bwino, yesani kuzungulutsa injini ndi soketi pa bauti ya pule ya kilankishafuti, kiyi itacotsedwa. Ikakana kusuntha, vuto si la magetsi. Pa otomatiki, torque converter (cipangizo columikiza injini ndi giyabokosi) imene sinalowe bwino m'malo mwake imamanga injini, ndipo kukakamiza ndi stata kumangoonjezela zowonongeka.

Ikangoti zii, fufuzani kawaya kakang'ono ka pa solenoid (swichi yamagetsi yokhala pa stata), kamene pa mapu a mawaya kamalembedwa 50. Kamangosomekedwa, conco kamazuka mosavuta injini ikamatsitsidwila m'malo mwake. Kayenela kuonetsa pafupifupi 12V pamene kiyi ili pa START. Ngati palibe, bwelelani m'mbuyo: fyuzi, relay ya stata, kenako swichi ya pa giyabokosi imene imaletsa otomatiki kulila ili mu giya, kapena ya pa pedo ya kilachi pa galimoto zina za manyuwo. Otomatiki ikalila pa N koma n'kukana pa P, kebo ya giya kapena swichiyo yasuntha ndipo ifunika kulinganizidwa. Unikaninso ndi tochi pamene injini yakumana ndi giyabokosi. Waya wopanikizika pamenepo umaoneka wophwanthalala, ndipo fyuzi yake imapsa nthawi iliyonse mukaikapo ina. Musaikepo fyuzi ya nambala yaikulu kuposa yolembedwa.

Injini ikuzungulila koma siikugwila

Pa injini zoyendetsedwa ndi kompyuta, yambani ndi pulagi ya sensa ya kilankishafuti. Popanda sensa imeneyi kompyuta siitulutsa mafuta kapena moto. Onaninso timawaya ta earth ta kompyuta, tomangidwa ndi bauti yaing'ono pa hedi kapena pa manifodi. Nyali ya immobiliser (cipangizo coletsa injini kulila ndi kiyi yacilendo) ikamaphethila mosalekeza, kiyi siikuzindikilidwa, zimene zimacitika ngati injini yabwela ndi kompyuta ya galimoto ina. Pa dizilo zakale za pampu yamakina, monga Land Rover 300Tdi, pali kawaya kamodzi kopita ku solenoid yotsegula mafuta pa pampu. Mukayatsa kiyi muyenela kumva kakuti "tiki". Ngati kakulila koma injini siikugwila, potsani mpweya m'mapaipi a dizilo, ndipo onani ngati waya wa maglow plug (otenthetsa m'masilinda injini isanalile) unabwezeletsedwa.

Stata isazungulile masekondi opitilila 15 nthawi imodzi, ndipo muzidikila mphindi imodzi kuti izizile musanayesenso. Injini ikalila, pimani pa batili: payenela kuoneka pakati pa 13.8V ndi 14.5V. Pakaoneka 12V ndi kakusefukila cabe, alternator siikuchaja; zimitsani injini muone pulagi yake, waya wake waukulu ndi lamba.