Momwe mungalowere ntchito yofufuza malo omangapo siteshoni ya magetsi a nyukiliya

Achinyamata ambiri akamva za nyukiliya amaganiza za riyakitala basi, chimakina chomwe chimatulutsa kutentha kopangira magetsiwo. Koma simenti isanathiridwe n'komwe, pamakhala kale mainjiniya amene amatha zaka akufufuza ngati malowo ndi oyenera. Bungwe la IAEA, loona za nyukiliya pa dziko lonse, lomwe likulu lake lili ku Vienna, limati dziko longoyamba kumene limafunika zaka 10 mpaka 15 kuti siteshoni yake yoyamba iyambe kupanga magetsi, ndipo zaka zingapo zoyambirirazo zimathera pa malo ndi zilolezo.

Poyambira ndi sukulu. Digiri ya nyukiliya siyofunika kwenikweni. Amene amafunidwa ndi mainjiniya a zomangamanga ndi nthaka, komanso akatswiri a miyala, zivomezi, madzi, nyengo ndi zachilengedwe. Onjezerani GIS, luso logwiritsa ntchito mapu pa kompyuta, ndi masamu owerengera kuthekera kwa ngozi. Makosi a pa intaneti aja a masabata awiri, olonjeza satifiketi ya ukatswiri pa mtengo wokwera, asiyeni. Mabuku a malamulo a IAEA ndi aulere pa webusaiti yawo. Yambani ndi SSR-1 ya mu 2019, yonena za kuunika malo.

Ntchito yoyamba isakeni ku makampani ofufuza nthaka ya madamu, madoko kapena migodi. Masiteshoni a nyukiliya samangidwa chaka chilichonse, ndipo akamamangidwa amatenga anthu odziwa kale makina obowolera.

Mukalowa, mudzayambira pa mapu, kuchotsa malo osayenera. Funso loyamba ndi la madzi. Siteshoni yopanga mamegawati 1,000 a magetsi imataya kutentha kwa mamegawati pafupifupi 2,000, n'chifukwa chake zambiri zili m'mbali mwa nyanja ndi mitsinje. Ya Palo Verde ku Arizona, ku United States, ili m'chipululu, koma imaziziritsidwa ndi madzi a m'masuweji a mizinda ya dera la Phoenix, atayeretsedwa. Kenako mumayang'ana ming'alu ya pansi, kusefukira kwa madzi ndi kuchuluka kwa anthu. Apa mbiri yakale imathandiza kwambiri. Ku siteshoni ya Fukushima Daiichi ku Japan anagumula chitunda cha mamita 35 n'kumanga pa mamita 10 kuchokera pa nyanja, ndipo mu 2011 tsunami, mafunde aakulu obwera ndi chivomezi, inamiza siteshoniyo. Siteshoni ya Onagawa, ku Japan komweko, inali pafupi kwambiri ndi pomwe chivomezicho chinayambira, koma inamangidwa pa mamita 14.8 ndipo inapulumuka.

Tsopano pa kubowola maenje otengera masampulo a miyala ya pansi, omwe amasungidwa m'mabokosi. Apa ndiye ndichedwapo, chifukwa ndi pomwe ndinaonera zakuda. Obowola nthawi zambiri amalipidwa potengera mamita amene abowola, choncho iwo maso amakhala pa liwiro, pamene inu mukufuna mwala uliwonse utuluke wathunthu. Pamalo ena kontrakitala wathu, yemwe anapambana ntchitoyo chifukwa chotchipa, ankati akafika pa mwala wofumbutuka n'kutaya sampulo, amangosendeza zidutswa zina m'bokosi kuti lioneke lodzaza. Tinatulukira tikufananitsa maenje awiri oyandikana: dongo lomwe linaoneka bwinobwino m'dzenje lina linalibemo m'linzake. Chonsecho mwala wofumbutukawo ndi umene timaufuna kwambiri, popeza mng'alu umadziwikira pamenepo. Maenjewo anabowoledwanso, ndipo ndalama zomwe akuluakulu ankati apulumutsa zinapita kawiri.

Ndiye chitani izi. Pa makina aliwonse pakhale katswiri wa miyala wa mbali yanu, usiku womwe ngati akubowola usiku. Bokosi lililonse lijambulidwe tsiku lomwelo, nambala ya dzenje, kuya kwake ndi tepi yoyezera zikuoneka pachithunzicho. Pamene sampulo yatayika ikanipo kathabwa kolembedwa kutalika kwa chotayikacho. Mukalakwitsa polemba musafufute. Dulani mzere, lembani zoona pambali, sainani ndi kuika deti. Masampulo apite ku labotale yovomerezeka pa muyezo wa ISO/IEC 17025, ndipo nthawi zina tumizani sampulo imodzi kawiri ndi manambala osiyana. Labotale yachinyengo imagwidwa choncho. Ina imabweza zotsatira mofulumira kuposa nthawi yomwe kuyezako kumatenga, imeneyo ikayikireni.

Wina anganene kuti ndikukokomeza. Ku Japan, mu 2020 bungwe loyang'anira za nyukiliya linapeza kuti zolembedwa za maenje a pa riyakitala yachiwiri ya Tsuruga zinasinthidwa. Kuunika kunaimitsidwa, ndipo mu 2024 bungwelo linakana kuti riyakitalayo iyatsidwenso chifukwa panalibe umboni wokwanira woti mng'alu woyenda sunadutse pansi pake. Lamulo la kumeneko limaona mng'alu kukhala woyenda ngati unasuntha m'zaka 120,000 mpaka 130,000 zapitazi. Oyang'anira akangosiya kukhulupirira zolemba zanu, ngakhale zolondola zomwe amazikayikira.

Zotsalazo n'zapepala kwambiri. Imikani nsanja yoyezera mphepo, zipangizo pa mamita 10 ndi 60, ndipo iyende chaka chathunthu, zaka ziwiri ndiye bwino. Yezani madzi a pansi, nsomba, zomera ndi radiyeshoni yachilengedwe ntchito yomanga isanayambe, kuti mtsogolo padzakhale pofanizira. Zonsezi zimalowa mu lipoti la momwe siteshoniyo idzakhudzire chilengedwe. Pamatsatira misonkhano ndi anthu okhala pafupi, ndipo m'mayiko omwe ali mu Pangano la Espoo la mu 1991, lonena za ntchito zokhudza chilengedwe cha mayiko ena, mayiko oyandikana nawonso amafunsidwa. Ku United States bungwe la NRC, loyang'anira za nyukiliya kumeneko, limatha kuvomereza malo okha kaye, ndi chilolezo cha zaka 10 mpaka 20, riyakitala isanasankhidwe.

Mukapereka lipotilo mafunso a oyang'anira amabwera ambirimbiri. Yankhani zomwe mwafunsidwazo, mutchule nambala ya dzenje ndi tsamba lake, ndipo mabokosi a miyala aja muwasunge pouma chifukwa adzafuna kuwaona okha.