Kakonzedwe ka keke ya tchizi ndi zipatso popanda uvuni

Amayi ndi abambo ambiri amene amabwera ku maphunziro a zophikaphika amadabwa akamva kuti pali keke imene silowa mu uvuni, ndipo funso lawo loyamba limakhala lakuti imalimba bwanji. Keke ya tchizi, imene m'masitolo amaitcha cheesecake, ikakhala ya mtundu wosawotcha imalimba ndi kuzizira kwa firiji pamodzi ndi jeletini, ufa umene umalimbitsa zakudya zamadzimadzi zikazizira. Choncho mdani wake wamkulu ndi madzi ochuluka m'zosakaniza, ndipo malangizo onse ali m'munsimu akuchokera pamenepo.

Yambani ndi tsinde la keke. Pa chitini chotambalala masentimita 20 pamafunika mabisiketi okwana magalamu 200, monga a Marie kapena a Tennis, ndi batala kapena majarini wosungunula magalamu 100. Ikani mabisiketi m'pepala la pulasitiki loyera, muwapere ndi botolo mpaka afanane ndi mgaiwa, musakanize ndi batala uja, kenako mutsendere mwamphamvu pansi pa chitini ndi tako la kapu. Ngati chitini chanu sichitseguka m'mbali, yalanimo kaye pepala lophikira lotulukira kunja kuti mudzanyamulire keke. Chiikeni m'firiji kwa mphindi 30.

Pa gawo la tchizi ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa ambiri amagwa ulesi akaona mtengo wa tchizi chofewa cha m'sitolo, monga cha Philadelphia, chimene pa keke imodzi chimafunika magalamu 500. Njira imene ndimalimbikitsa ndiyo kugwiritsa ntchito chambiko kapena yogati wopanda shuga. Yalani kansalu koyera kowiritsa pa sefa, ikani sefayo pamwamba pa mbale, thiranimo chambiko chokwana malita awiri, ndipo musiye m'firiji usiku wonse. M'mawa mudzapeza madzi achikasu atadontha m'mbale, ndipo pa kansalu padzatsala tchizi choyera chimene supuni imatha kuima yokha pakati pake. Ngati chikuyendererabe, chisiyeni chidonthe maola ena, musachite nacho phuma. Madzi achikasuwo musataye, amakoma mu mtanda wa mandasi ndi zitumbuwa. Amene mukukonza chambiko chanu kuchokera ku mkaka wokama pakhomo, wiritsani mkakawo poyamba, popeza keke iyi sidzaonanso moto woti n'kupha tizilombo toyambitsa matenda.

Takasani tchizicho ndi shuga wosalala wa icing magalamu 100 ndi madzi a ndimu limodzi. Shuga wamba amatsala wolumika m'mano ngati sanasungunuke, ndiye mukakhala ndi yekhayo muyambe mwamusinja mu kamtondo kouma. M'mbale ina punthani kirimu wa mkaka wozizira kwambiri, mamililita 250, mpaka achite thovu loima. Kenako vikani jeletini wa ufa magalamu 10 m'masupuni akuluakulu anayi a madzi ozizira kwa mphindi 5, ndipo mukhazike kambale kakeko m'madzi otentha mpaka asungunuke. Jeletini asawire, chifukwa akawira amachepa mphamvu. Thiranimo kaye masupuni awiri a tchizi n'kutakasa, ndiye muphatikize ndi tchizi chonse. Mukangomukhuthulira wotentha m'tchizi chozizira amaundana tizingwe tolimba tosasangalatsa m'kamwa. Pomaliza lowetsani kirimu uja pang'onopang'ono ndi supuni yaikulu kuti thovu lisaphwe. Dziwaninso kuti jeletini amapangidwa kuchokera ku zikopa ndi mafupa a ng'ombe kapena nkhumba, choncho werengani pa paketi ngati mukukonzera abale achisilamu kapena ena osadya nkhumba.

Tsopano zipatso. Tsiku lina gulu la amayi limene ndinkaphunzitsa linabweretsa chinanazi chakupsa bwino cha ku Mulanje, anachidula tizidutswa n'kusakaniza m'kati mwa tchizi. Kutacha tinapeza keke ili phala, ikuyenderera pa mpeni, mabisiketi a pansi atanyowa, ndipo ndinamva chisoni poganiza ndalama zimene anasonkha. Vuto silinali manja awo. Chinanazi chachiwisi chili ndi michere yotchedwa bromelain, papaya ali ndi papain, ndipo michere imeneyi imadula jeletini moti salimbanso ngakhale mutasiya keke m'firiji masiku awiri. Moto umathetsa mphamvu ya michere imeneyi. Mukafuna chinanazi kapena papaya, wiritsani zidutswazo ndi shuga pang'ono kwa mphindi 5 mpaka 10, zizizire, muzikhetse madzi. Chinanazi cha m'chitini chilibe vutoli chifukwa chinaphikidwa kale.

Masitiroberi a ku phiri la Zomba, magalagadeya ndi mango a m'nyengo ya Disembala ndi Januwale amakhala bwino pamwamba pa keke. Sankhani mango opanda ulusi wambiri. Magwafa aphikeni ndi kuwasefa kuti nthanga zichoke. Ine ndimakonda kuwonjezera masupuni awiri a ufa wa malambe m'tchizi, chifukwa umabweretsa kuwawasa kokoma ndipo umamwa chinyezi. Zipatso zodula muzisanje pamwamba nthawi yodya itayandikira, mutazitsuka ndi madzi abwino n'kuziumitsa, kuopa kuti madzi ake angafewetse keke.

Thirani tchizi chosakaniza chija pa tsinde lija, salazani, vundikirani kuti keke isatenge fungo la nsomba kapena anyezi, ndipo ikhale m'firiji maola osachepera 6, makamaka usiku wonse. Firiji izizire madigiri 5 kapena kutsika. Magetsi akazima musatseguletsegule chitseko, popeza firiji yotseka imasunga kuzizira pafupifupi maola 4 okha. Akazima nthawi yaitali kuposa apo ndipo keke yafunda, musapatse ana, amayi oyembekezera kapena wina aliyense. Jeletini amayamba kusungunuka pa madigiri pafupifupi 35, kutentha kumene madera a Chikwawa, Nsanje ndi a m'mphepete mwa nyanja amafikako mwezi wa Okutobala, choncho kumeneko keke ituluke m'firiji alendo atakhala kale pansi.

Podula, vikani mpeni m'madzi otentha, upukuteni, ndipo muzibwereza chimenechi pa chidutswa chilichonse kuti m'mbali mukhale mosalala. Yotsala ibwerere m'firiji nthawi yomweyo ndipo idyedwe pasanathe masiku atatu.