Momwe mungayambire kusonkhanitsa magazini akale a zikuto zokongola

Chikuto cha magazini yakale chimaonetsa kavalidwe, kapesedwe ka tsitsi ndi nkhope zimene zinali m'kamwam'kamwa masiku amenewo. Ngati zoterezi zimakukokani mtima, yambani motere.

Choyamba, sankhani mbali imodzi. Wotola chilichonse amangodzaza nyumba ndi mapepala. Mutha kutsata magazini imodzi, monga Drum imene inayamba ku South Africa mu 1951, kapena Life imene inkatuluka sabata ndi sabata kuyambira 1936 mpaka 1972. Ena amatsata wojambula mmodzi: Norman Rockwell yekha anajambula zikuto zoposa 300 za The Saturday Evening Post pakati pa 1916 ndi 1963. Ena amangofuna magazini a chaka chimene anabadwa, ndipo ine njira imeneyi ndimaikonda, chifukwa ili ndi polekezera.

Chachiwiri, funsani kaye achibale achikulire musanatulutse ndalama. Mukatero pitani kwa ogulitsa mabuku akale ndi pa intaneti.

Chachitatu, ndipo apa musapupulume, iyang'anitsitseni musanagule. Werengani manambala a masamba, makamaka apakati, poti ndi amene anthu ankakonda kuzula n'kumata pakhoma. Onani ngati timawaya togwira masamba tachita dzimbiri, chifukwa dzimbirilo limadya pepala mpaka chikuto kuthothoka. Inunkhizeninso. Fungo la chinyezi likutanthauza nkhungu, ndipo nkhungu imafalikira ku magazini ena onse amene mwasunga pamodzi. Ngati mukugula pa intaneti, pemphani zithunzi za kutsogolo, kumbuyo ndi kumsana kwake. Kapepala ka adiresi komatidwa pachikuto kasiyeni, kukamatula kumang'amba chithunzi.

Chachinayi, sungani bwino. Magazini iliyonse ikhale m'thumba lakelake la pulasitiki ya polypropylene kapena polyester, osati PVC. Agonekeni chafufumimba m'bokosi, osaunjika ambiri, pamalo ouma, kutali ndi dzuwa ndiponso osati pansi pomwe chiswe ndi mphemvu zimafika msanga. Selotepi ayi. Guluu wake amalowa m'pepala n'kusiya banga lofiirira losachoka. Kumata pulasitiki pachikuto ndi makina otentha kulinso koipa, chifukwa mukatero simungabwezenso.

Chachisanu, lembani m'kope dzina la magazini, tsiku limene inatuluka, wojambula chikuto ndi momwe ilili, kuti musagule imodzimodziyo kawiri.

Tsono mukafuna kukongoletsa khoma, chonde musang'ambe chikuto. Zimandiwawa kuona chikuto chili chokha, nkhani imene chinkalengeza itatayidwa, pamodzi ndi makalata a owerenga ndi zotsatsa malonda za nthawiyo. Chijambuleni pa sikana, sindikizani kope labwino n'kuliika mu fulemu. Kopelo likazilala ndi dzuwa mudzasindikiza lina, magazini yeniyeniyo ili bwinobwino m'bokosi.