Jumbo isalowe m'dzala la manyowa

Ndinafika pakhomo pena ku Chikanda, mumzinda wa Zomba, mayi akufukula dzala lawo kuti akathire manyowa kudimba. Makoko a nthochi, masamba a mpiru ndi phulusa zinali zitawolerana bwino, zakuda bii. Koma khasu lililonse linkatuluka ndi majumbo, ena akuda, ena abuluu, ali bwinobwino ngati atayidwa dzulo. Mayiwo anatha m'mawa wonse akutola ndi manja, ndipo tizidutswa tina tinapitabe kudimba.

Vutoli limayambira pakhomo la kukhitchini. Timasenda mbatata, makoko n'kuika mu jumbo yomwe tinagulira mbatatayo, kumanga, kuponya kudzala. Jumbo siwola. Imangothetheka ndi dzuwa n'kusanduka tizidutswa tosakanikirana ndi dothi. Zomwe mwamangira m'katimo nazonso sizipeza mpweya, ndiye m'malo mosanduka manyowa zimangonunkha n'kuitana ntchentche. Ikakwiririka mumzere imatchinga madzi, mizu ya chimanga n'kumapindika posowa polowera.

Choncho, amayi ndi abambo, khalani ndi potayira patatu. Ndowa yakale ikhale ya zowola zokhazokha, ndipo popita kudzala muzikhuthula, osaponya ndi chomangira chomwe. Thumba lina likhale la mabotolo, zitini ndi zitsulo zomwe anthu amagula kapena kudzatola. Chachitatu, thumba la feteleza lotha ntchito, mulipachike pamsomali pomwe mbuzi sifika. Limenelo ndiye la majumbo.

Ena amafunsa kuti, botolo ndi jumbo si zonse pulasitiki? Ayi, n'zosiyana. Botolo la madzi kapena la chakumwa limapangidwa ndi mtundu wina wotchedwa PET, pomwe jumbo ndi polyethylene, ndipo pozisungunula sazisakaniza. Kumafakitale komwe zinyalala zimasankhidwa ndi makina, majumbo amakulungana pazitsulo zozungulira mpaka makina kuima, anthu n'kuyamba kudula ndi mipeni. Kuno kwathu wosankha ndi munthu, ndi manja ake. Mukamumangira mabotolo mu jumbo ya mafuta a chipisi, yodzaza nyerere, mwamuonjezera ntchito yomwe palibe angamulipire. Tsukuluzani mabotolo, muwaike m'thumba ali okha.

Nanga majumbo osonkhanitsawo? Olimba atsukeni, ayanikeni, mupite nawonso kumsika. Mapaketi a shuga aboolani pansi, ndi machubu abwino ofeseramo mitengo. Ana akafuna okulungira mpira, apatseni ochapa. Otsala ong'ambika muwatsendere m'thumba, mumange pakamwa, mukasiye pomwe akhonsolo amatenga zinyalala.

Pali chizolowezi chimodzi chomwe chimandipweteka mtima: kukolezera mbaula ndi jumbo. Ndikudziwa kuti makala onyowa amavuta, koma utsi wakudawo uli ndi poizoni, ndipo amene amaupuma ndi mayi woweramira pambaula ndi mwana ali kumbuyo. Gwiritsani ntchito zitsononkho, tinkhuni touma kapena pepala wamba. Kutentha mulu wa majumbo madzulo nakonso n'chimodzimodzi, utsiwo umalowa m'nyumba za anzanu.

Oweta mbuzi nkhaniyi akuidziwa. Mbuzi imanyambita jumbo chifukwa cha mchere ndi mafuta, kenako n'kumeza. Imayamba kuonda ngakhale msipu ulipo, mimba ili tuu, ndipo tsiku loipha mumapeza chimpukutu cha majumbo m'chifu.

Jumbo yotayidwa pabwalo sikhalitsa pamenepo. Mvula ikagwa kuchokera kuphiri, madzi amaikokolola kulowa m'ngalande, kukatseka kalavati, madzi n'kusefukira m'nyumba za kumunsi. Yopulumuka apo imalowa mumtsinje wa Likangala, ndipo Likangala amathira m'nyanja ya Chilwa, yomwe ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Chalowa m'menemo chimakhala momwemo, pamodzi ndi matemba omwe timadya.

Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala, osafika mamaikuloni 60 (muyeso wa kukhuthala kwa pulasitiki), m'chaka cha 2015, ndipo mu 2019 khoti lalikulu la apilo linagwirizana ndi chiletsocho. Komabe tonse tikuona kuti tomato wa pamsika akubwerabe mu jumbo. Ndiye pochoka pakhomo tengani dengu, basiketi kapena kathumba kosokedwa ndi chitenje chakale. Wogulitsa akatambasula jumbo, muuzeni kuti, "Ayi zikomo, ikani muno."