Kasamalidwe ka njinga ndi zipangizo pa masewero a bike polo

Masewero a bike polo a pabwalo lolimba, omwe anayambira mumzinda wa Seattle ku America, amaseweredwa ndi anthu atatu mbali iliyonse, omwe amakwera njinga n'kumamenya mpira ndi ndodo zokhala ndi mutu kumapeto kwake kuti agoletse, ndipo njinga zimagundana kawirikawiri moti yosakonzedwa bwino siichedwa kuwonongeka. Gudumu lakutsogolo ndilo limavutika kwambiri. Dulani pulasitiki yolimba mozungulira, muiboole pakati, kenaka muimangirire ku masipoko mbali zonse ziwiri ndi timalamba ta pulasitiki, kuti mpira kapena ndodo ya mnzanu isalowe pakati pa masipoko n'kukugwetsani. Musaimange mokhwepa, chifukwa ikamakhula ku foloko imang'ambika msanga.

Kumapeto kwa mahandulo kukhale kotseka ndi zivindikiro, pakuti chitsulo chosatseka chimacheka mnofu munthu akagwerapo, ndipo njinga yotere siyenera kuloledwa m'bwalo ngakhale pang'ono. Musanayambe kusewera, yesani mabuleki ndiponso onani ngati boluti yogwira mutu wa ndodo ili yothina.

Akuba nawonso amapezerapo mwayi pamene maso a anthu onse ali pa mpira. Njinga imene ikudikira kunja kwa bwalo muimange felemu ndi gudumu lakumbuyo pachitsulo chozikika pogwiritsa ntchito loko wooneka ngati chilembo cha U, ndipo mulembe nambala ya felemu, imene kawirikawiri imadindidwa kunsi, pakati pa mapedulo.